Ngumbi Suifunsa Chulu Chake

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la golosale ina pa Chamama, kuno ku Kasungu, kuyambira ndili mnyamata, ndipo anthu amandidziwa kuti ndine wapakamwa, wosachedwa kupsa mtima. Chomwe ambiri sadziwa, kapena amadziwa koma amayang'ana kumbali, n'chakuti mtima wanga unkapita kwa amuna anzanga. Eya, ndanena. Ndakalamba, mundichita chiyani?

Tinalipo angapo otere, ndipo amene anatiphunzitsa kayankhulidwe anali mdala wina wokhoma zidebe, yemwe unyamata wake unathera kumigodi ya ku Joni. Iye ndiye anatiuza kuti liwu lija anthu amatinyoza nalo, lakuti mathanyula, linabwera ndi iwo omwe akumigodiwo, m'masutikesi momwe munali mabulangete ndi zipewa. "Kumeneko ambiri ankachita," ankatero mdalayo, "koma atafika kuno aliyense anasanduka mkulu wa mpingo." Liwu limenelo ife sitinkalitchula. Tinali ndi athu.

Lalikulu linali lakuti ngumbi. Ngumbi anali mwamuna wongodutsa: walole, wogula fodya pasikelo, waganyu wobwera nthawi yodinda mabelo. Fodya akauma m'zigafa, pa Chamama pankadzaza amuna ochokera kutali, opanda akazi awo, opanda owadziwa. Nyengo ikatha, onse balalabalala.

Koma liwulo linali ndi lamulo lake, ndipo mdala uja ankalibwereza ngati katekisimu: ngumbi suifunsa chulu chake. Osafunsa mudzi, osafunsa mfumu, osafunsa dzina la bambo ake. Iye anaona mnzake akunjatidwa nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa wina atapanikizidwa anatchula dzina ndi mudzi womwe. "Chimene sukuchidziwa sungachiulule, ngakhale akumenye bwanji," ankatero. Anthu amati safunsa anadya phula, koma kwa ife wofunsa ndiye ankaika anzake m'mavuto.

Ndiye kunabwera mwamuna wina ndi buluku long'ambika pabondo kuti ndimusokere. Ankadinda mabelo pajeke, chipangizo chopanikizira fodya, m'minda ya anthu, lero kuno mawa uko. Chichewa chake chinali chakummwera, mano ake ampata, ndipo tiyi sankamwa n'komwe. Ankati tiyi ndiye anathyola msana wa mayi ake, omwe anakalambira kuthyola masamba m'minda ya azungu. Dzina anandiuza limodzi lokha, nanenso ndinamuuza limodzi.

Nyengo itatha anapita. Chaka chotsatira, taonani uyo pakhonde panga, akuseka. Chinanso, yemweyo. Anzanga anayamba kundigemula: "Akulu, ngumbi yanu ija yamera mizu!" Ndinkawatukwana, koma mumtima ndinkakondwa ngati mwana. Ndinkamukonda munthu uja, sindibisa.

Tsiku lina masana, atakhala pabenchi n'kumakukuta chimanga chootcha, anayamba yekha: "Kwathu ukatuluka m'nyumba, phiri limakhala ngati likugwera..." Anaima pomwepo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Aa, lamulo." Tinaseka tonse awiri. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Chaka chake chomaliza kuno zitupa zaunzika zinali zisanabwere, ndipo foni analibe. Ndinali ndikumusokera buluku latsopano lakhaki loti akavale popita kwawo, pamene wanjinga wina anaima pagolosale n'kuuza anthu kuti lole ya mabelo yagubuduzika pamsewu wa ku Mtunthama, aganyu ali pamwamba. Ndinasiya makina osaphimba. Pofika kuchipatala cha paboma, munthu wanga anali kale kumotchale.

Bambo wogwira ntchito kumeneko anali munthu waulemu. "Pepani bambo," anatero. "Ndinu achibale?"

"Ndine mnzake."

"Chabwino. Kumudzi kwawo n'kuti? Mfumu yawo ndani? Titumize uthenga."

Ine amene ndinkadziwa m'chiuno mwake popanda tepi, ine wodziwa chipsera chimene chinali pansi pa phewa lake, mudzi wake sindinkaudziwa. Manyazi anandigwira, kenaka mantha.

Ndinayenda, abale. Alimi amene ankawadindira ankangoti, "Ife timangoitana wajeke, za kwawo sitinafunse." Aganyu anzake, wina ati Mulanje, wina Thyolo, wina Phalombe. Uthenga unapita pawailesi ndi dzina limodzi lija, koma a dzina limenelo kummwera ndi angati? Palibe anabwera.

Ndinapita kwa amalume anga kukapempha kuti tikamuike kumanda akwathu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mphwanga," anatero amalume, "munthuyu ndi ndani wako? Abale ake akadzabwera kudzafunsa kuti tinamuika bwanji osawauza, udzayankha iwe?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti funso loyamba lija sakufuna kuti ndiliyankhe. Ine wapakamwa uja, ndinangotsanzika n'kubwerera, manda osapatsidwa.

Mtembo wosowa abale amaika ndi akaidi, kumanda a boma. Ndinachonderera bambo wakumotchale uja kuti amuveke buluku lakhaki, ndipo anavomera osandifunsa kanthu. Mulungu amudalitse kumene ali. Kumandako kunalibe nyimbo, kunalibe nkhata, kunalibe mayi wolira. Akaidi anakwirira mwachangu poti dzuwa linali likuswa mtengo. Ine ndinaima chapatali ngati munthu wodikira minibasi.

Pobwerera ndinalunjika kwa mdala wazidebe. "Lamulo lanu lija ndi limeneli!" ndinamukalipira. "Munthu waikidwa ngati galu!"

Anapitiriza kukhoma chidebe chake, kenaka anaika nyundo pansi. "Alipo wakuloza chala?" anandifunsa. "Apolisi abwera pakhonde pako? Lamulo lagwira ntchito yake, mwana wanga."

Ndinafuna kumuponyera chidebecho kumaso. Chondipweteka n'chakuti sananame.

Mdalayo anamwalira kalekale. Anyamata amasiku ano ali ndi mawu awo achizungu a m'mafoni, ndipo lakuti ngumbi likutha. Lithe, sindilirira. Koma ndikamawamvetsera, ndimaona kuti lamulo lija silinathe: nawonso amadziwana ndi mayina ongopeka, ndipo mantha ake ndi omwe aja. Ine tsopano aliyense wondiimira kutsogolo kuti ndimuyeze, ndimamufunsa kumudzi kwawo ndi mfumu yake. Amati telala ameneyu ndi kazitape. Anene.

Chimene chimandisowetsa mtendere si manda opanda dzina aja ayi. N'chakuti kwinakwake kummwera, patsinde pa phiri, kuli mayi opindika msana amene sanamve uthenga wa maliro, sanamete, sanalire. Anthu akamawafunsa za mwana wawo, ndikudziwa chimene amayankha: "Ali kufodya ku Kasungu, abwera akagulitsa."