Tambala Amene Akudikira Mpeni

Nkhuku ya m'jumbo sindidya. Ku Manjawira kuno aliyense akudziwa. Ena amati ndi matama, ena amati ndi ukalamba. Azinena.

Ndili ndi mnzanga, Msilamu, mwini golosale ya m'mbali mwa msewu. Tinakulira limodzi. Bambo anga ali kumigodi ku Joni, mayi ankandituma sopo ndi mchere pa golosale ya bambo ake. Ife Akhristu, iwo Asilamu, koma mbale inali imodzi. Chinkatheketsa zimenezo ndi mpeni. Msilamu sadya nyama yopha aliyense, amafuna yochinja Msilamu mnzake. Ndiye pakhomo pathu nkhuku sitinkapha tokha. Bambo ake ankachinjira bambo anga. Akuluakuluwo atatha, mpeni unatsala ndi iye, nkhuku zinatsala ndi ine.

Zinkayenda chonchi. Ndagwira nkhuku, ndaimanga miyendo, ndaipanira m'khwapa, ulendo wa ku golosale. Iye akandiona ankasiya ogula ali chiimire. Tinkapita kuseri. Ine kugwira mapiko, iye kutembenukira komwe amayang'ana popemphera, kunena mawu ake, mpeni kamodzi basi. Kenako kunyozana. Ankati nkhuku zanga n'zowonda ngati mwini wake. Ine ndinkati mpeni wake ndi wobuntha ngati mutu wake. Masana ankabwera kudzadya. Nthutumba, yomwe kwathu amadya ndi mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka, tinkaidula pakati.

Nkhani zonse za moyo wathu tinakambira kuseri kwa golosale ija, nkhuku ikuphupha pansi. Za maliro, za ana, za fetereza. Ine si munthu wopita kwa mnzake chimanjamanja kukangokhala. Mawu ochezera ndilibe. Nkhuku ndiyo inkandifikitsa kumeneko.

Kenako mwana wanga wamwamuna anabweretsa mkazi pakhomo. Mpongozi wanga ameneyu anakulira pa Boma. Ulemu ali nawo, amagwada, amapereka madzi. Sindimunamizira. Koma anabwera ndi filiji, ndipo filijiyo inabwera ndi makhalidwe ake. Tomato m'filiji. Madzi akumwa m'filiji. Ndiwo za dzana m'filiji. Kumapeto a mwezi, minibasi, ulendo wa ku shopu yaikulu ya pa Boma, kubwera ndi majumbo.

Shopu imeneyo ndinalowamo kamodzi. Tinkachokera kuchipatala kokayezetsa magazi, mpongozi n'kuti bambo, tidzere kaye apa. Pakhomo mlonda anandilanda thumba langa. Thumba lomwe munali buku la kuchipatala ndi chinangwa chootcha. Anati ndi lamulo. Ndinamufunsa ngati ndikuoneka ngati wakuba. Anangondipatsa kachitsulo ka nambala.

Mkatimo munkazizira ngati kuphiri mwezi wa Juni. Anthu akukankha tingolo tachitsulo, osapatsana moni. Kabichi, yemweyu timalima kuno, atamukulunga mu pulasitiki ngati wadwala. Mbatatesi yotsukatsuka, yopanda dothi, sungadziwe kuti yachokera m'munda wa yani. Palibe wonenerera, palibe woika ya basera.

Kumapeto kunali bokosi lalitali lagalasi. Nkhuku. Zosanjikiza ngati njerwa za pauvuni, zoyera mbee, zolimba gwa. Mutu palibe. Miyendo palibe. Ndinanyamula imodzi, ndinasuzumira m'mimba. Mbee. Ndinafunsa mtsikana wa yunifomu kuti nthutumba ili kuti. Anandilozera pambali. Jumbo yodzaza nthutumba zokhazokha, za nkhuku zosadziwana. Ina ya zipalapaso. Ina ya makosi. Nkhuku imodzi aigulitsa kanayi. Ulemu wa mwini khomo authira m'jumbo, aliyense wokhala ndi ndalama atenge. Ndinaibweza m'bokosimo. Ndinakadikira panja, pamodzi ndi akabaza.

Chaka chomwecho chitopa chinalowa m'mudzi. Khola langa linatha psiti. Khirisimasi inayandikira pakhomo popanda cholira. Tsono Khirisimasi iliyonse mnzanga uja ankadya kwathu, monga ine ndinkadyera kwake pa Idi. Ndinauza mwana wanga kuti auze mkazi wake agule nkhuku. Ndinati nkhuku. Sindinaganize kuti mawu amenewo amafunika kumasulira. Nkhuku ili ndi nthenga, imayenda, imalira.

Anabwera ndi ya m'jumbo.

Ndinauza mwana wanga kuti mlendo wathu sadya chimenecho. Iye anati bambo, dikirani muone. Ndinadikiradi. Kunena zoona ndinkafuna zichitike pamaso pa onse. Ndinkafuna mnzanga akankhire mbale kutali, mpongozi achite manyazi, nkhani ya majumbo ithere pomwepo.

Mnzanga anafika masana, kofiya wake kumutu. Tinakhala pakhonde. Anasamba m'manja, anavundukula mbale, anayang'ana nyama, anayang'ana ine. Anafunsa kuti wachinja ndani, poti iye sanandione kuseri kwa golosale. Ine ndinangoloza kukhitchini ndi chibwano.

Mpongozi anabwera ndi jumbo ija, ataitsuka kale. Anagwada, n'kumusonyeza kachizindikiro kobiriwira pakona. Anati pamenepo alemba kuti ndi halali, kutanthauza kuti anachinja ndi Asilamu komwe inachokerako. Mnzanga anatulutsa magalasi. Anayang'anitsitsa. Anagwedeza mutu. Anatenga ntchafu.

Anadya. Anapempha msuzi wina. Anayamikira kuti nyama yake ndi yofewa, yoyenera mano a nkhalamba.

Ine ndinkavundula m'mbale ndi supuni, ndikudziwa kuti chomwe ndikufuna mulibe.

"Mukusaka chiyani, achimwene?" iye anatero. "Mwagwetseramo dzino?"

Ana anaseka. Mpongozi anabisa nkhope m'chitenje. Ndinafunsa mnzangayo ngati akumudziwa munthu amene anachinja nkhukuyo, dzina lake, mudzi wake, ngati anasamba m'manja. Anati sakumudziwa, koma akuluakulu achipembedzo chawo amayendera malo amenewo, ndipo iye sangakhale wanzeru kuposa iwo. Ndinati bambo ake sakanadya nyama chifukwa cha chithunzi cha pa pulasitiki. Anati bambo ake sanakwerepo minibasi, nanga iye aziyenda wapansi?

Tsiku limenelo ndinadyera masamba a nyemba.

Ndikanaiwala. Khirisimasi imodzi si kanthu. Koma dzinja lisanathe, galimoto inatsitsa chifiliji chachikulu pa golosale yake. Pakhoma analembetsa chithunzi cha nkhuku yonenepa ikumwetulira. Nkhuku yanji imamwetulira? Anthu a pa Manjawira anayamba kugula nkhuku za m'jumbo kwa munthu yemwe anachinjira mudzi wonse. Mpongozi wanga anasangalala, poti ulendo wa pa Boma unachepa.

Magetsi atazima masiku angapo ndinati eya, ziwole. Anagula jenereta.

Kuyambira pamenepo sindinapiteko. Ndikanapita ndi chiyani? Sopo amagula ndi mpongozi. Mchere ndi mpongozi. Ndikamadutsa pamsewu ankakweza dzanja ali mkati, ine n'kukweza langa. Munthu amene ndinanyamula naye bokosi la mayi anga, tsopano moni wa dzanja ngati kondakitala.

Nditakolola, tsiku la msika, ndinagula tambala wachikuda. Wofiira, lipombo lalikulu, wolemera. Ndinamumanga miyendo, ndinamupanira m'khwapa, ulendo wa ku golosale monga kale.

Munali anthu. Ndinaima pakhomo. Tambala analira. Mnzanga anali kuseri kwa kauntala atavala mkanjo woyera. Anandiona, koma ogula sanawasiye. Ndinadikira. Atatha awiri atatu, ndinayandikira ndi kuika tambala pamwamba pa chifiliji chake.

"Tiyeni kuseri," ndinatero.

"Kuseri kuli jenereta."

"Ndiye pambali pake."

"Achimwene, chotsani chinthucho pa filiji, chindinyerera pagalasi. Pitani nacho kwa anyamata opha mbuzi aja, nawonso ndi Asilamu."

"Anyamata amenewo sindinakulire nawo."

Amayi ena amene ankagula mafuta anayamba kuseka. Iye anandiuza kuti mkanjo ndi wochapa kumene, akupita nawo ku mzikiti, magazi sakuwafuna. Anati mpeni uja sakudziwanso komwe ana anauika. Anati ngati ndikufuna nkhuku atsegule filiji andipatse yaikulu, yaulere, yosafuna kusosola. Anaitulutsadi, n'kuiika pafupi ndi tambala wanga. Ikufuka utsi wozizira.

Ndinamuuza kuti mtembo umenewo akauike yekha m'manda. Ndinati bambo ake anali wogulitsa koma sanagulitsepo mpeni. Nkhope yake inasintha. Anati ine vuto langa ndimafuna dziko liziyenda pa liwiro la bondo langa lodwalali. Anati ndibwere mawa.

Mawa lake ndinapita. Anali atapita pa Boma kukaoda nkhuku zina.

Sindinapitenso. Ndinamasula tambala pakhomo, ndinalengeza kuti wokhudza tambala ameneyu akhudza ine. Adzamuchinja ndi munthu mmodzi, apo ayi adzafa yekha.

Akadalipo mpaka lero. Wakula, zikhadabo za kumiyendo ngati minga. Amadya mphale ya mpongozi ikayanikidwa pamphasa. Amajompha ana a eni. Mbandakucha amakwera pa mulu wa njerwa pansi pa windo la mwana wanga ndi mkazi wake, n'kulira mpaka adzuke. Malo amenewo sindinamuphunzitse ndine, koma sindimuthamangitsa. Mwana wanga wandipempha kangapo kuti timudye, akuti nyama ikulimba. Ndimamuuza kuti akatsegule filiji ya mkazi wake.

Pa Idi mnzanga anatumiza mpunga ndi nkhuku. Mpunga ndinadya. Nkhuku ndinaibweza m'mbale yake momwemo. Ndinaona fupa, lofewa ngati bango. Ya m'jumbo.

Njira ya ku mzikiti siidutsa kwathu. Koma Lachisanu lina ndinamuona ataima pa mpanda wanga, mkanjo woyera, manja kumbuyo, akuyang'ana tambala.

"Akadalipo uyu?"

"Akudikira inu."

"Afa ndi ukalamba."

"Ndiye mudzabwere ku maliro."

Anatsonya. Anati tambalayo ndi wowonda ngati mwini wake. Linali bodza, tambalayo ndi wonenepa. Ndinamuuza kuti maso ake abuntha ngati mpeni wake. Anaima pang'ono, anafunsa za bondo, ndinati lilipo. Sindinamupatse mpando. Anapita.

Lachisanu lotsatira anabweranso, mawu omwewo. Tsopano amabwera kawirikawiri. Mpeni sabweretsa. Ine mpando sinditulutsa. Amaima kunja kwa mpanda, ine mkati, tambala akupalasa pakati pathu. Akachoka, tambalayo ndimamuwazira chimanga chodzaza dzanja.