Balani imene ankasonkhezera bambo anga

Chinandilowetsa mu komiti yosunga zinthu zakale ndi pakamwa panga. Chaka china anagwetsa kasitolo kakale ka njerwa pafupi ndi msika wa pa boma, momwe amayi anandigulira nsalu ya yunifolomu yanga yoyamba. Ndinapita ku msonkhano wa khonsolo wosaitanidwa ndipo ndinayankhula mpaka kukhosi kuuma. Khonsolo itaganiza zokhazikitsa komiti, akuti wina anati, "Mphunzitsi wolongolola uja muikeni momwemo, azikalongololera m'kati." Nditamva sindinakwiye, chifukwa sananame.

Mipando anaigawa mosamala kuti pasakhale wodandaula. Munali khansala mmodzi, nthumwi ya mafumu, mlangizi wa zaulimi, mmisiri womanga nyumba, ndi ine woimira aphunzitsi. Mipingo inatumiza awiri, mkulu wa mpingo wa Chipulezibeteriya ndi katekisiti wa Chikatolika, omwe ankakhala moyandikana n'kumatsutsana pa chilichonse mpaka pa nkhani yotsegula windo. Kalaliki wa khonsolo ankalemba zokambirana koma sankavota. Wapampando tinasankha tokha, bambo wina wopuma pa ntchito ya zaumoyo, munthu wodekha moti nthawi zina ndinkalakalaka kumugwedeza.

Anthu ankayesa tili ndi mphamvu zoletsa kapena kumanga munthu. Ayi ndithu. Ntchito yathu inali miyendo ndi makutu. Wina akatiuza za malo, kaya ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo ya ku Mwase, kaya tchalitchi choyamba cha m'dera, tinkapita kukaona ndi maso. Mmisiri ankagogoda makoma n'kutiuza ngati angapirire mvula zina. Kenako tinkakhala pansi pomwepo kumvera anthu amene anakhalapo ndi chinthucho, mwinimalo ali pomwepo. Tikabwerera ku boma tinkavota, maganizo athu n'kupita ku khonsolo yonse, ndipo zazikulu zinkapitirira mpaka kwa akatswiri a zakale ku Lilongwe. Popanda mwinimalo kuvomera, zambiri zinkathera m'mawu.

Tinalinso ndi lamulo lina, ndipo amene analilimbikira ndine. Membala akakhala ndi ubale ndi malo amene tikukambirana, asafunse mafunso, asakumane ndi mboni, ndipo pa nthawi yovota atuluke. Ndinalibweretsa nditaona mkulu wa mpingo uja akukometsera tchalitchi chimene anamanga agogo ake. Tsiku limene anatuluka atanyamula chipewa chake, ine ndinali kumwetulira ngati ndaphula ngozi. Ndinaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawa lakelo linafika ndi mlangizi wa zaulimi. Anatiuza kuti esiteti ina yakale cha ku Lukwa yagulidwa, ndipo mwini watsopano akufuna kugwetsa mabalani onse, njerwa amangire nyumba yosungira soya. Balani ndi nyumba yaitali ya njerwa yowotchera fodya, yokhala ndi ng'anjo kunja ndi mapaipi otentha m'kati. Atatchula malo ake, ndinawazindikira pomwepo. Ndinabadwira pa esiteti imeneyo. Bambo anga anali wosonkhezera moto pa balani yakumapeto kwa mzere, ndipo anamwalira ndi chifuwa ine ndisanamalize pulayimale. Chithunzi chawo tilibe. Manda a pa esitetipo anamera tchire kalekale, mtumbira wawo palibe angauloze. Padziko pano, malo okhawo amene ndikanatha kuloza n'kunena kuti bambo anga anaimapo apa anali balani imeneyo.

Ndinaulula zonsezi pamaso pa komiti. Mkulu wa mpingo sanaseke, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Nthumwi ya mafumu inafunsa ngati nyumba yowotchera fodya ndi mbiri. Mbiri, inatero, ndi manda a mafumu ndi matchalitchi, osati malo amene anthu ankakhetsera thukuta la wina. Ndinatsegula pakamwa, koma wapampando anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nkhani iyi inu mulibemo mawu. Tingofuna mutiuze, alipo amene anakhala pa esitetipo amene akali moyo?"

Matenanti ambiri amene ankalima fodya pa esitetipo anabwerera kwawo, ena anatisiya. Wodziwika amene anatsala pafupi anali mayi anga, ku mudzi kwathu ku Njombwa.

Apa ndiye ndinagwira njakata. Amayi sankaitchula esiteti ija. Tikadutsa njira ya kumeneko pa minibasi ankayang'ana kumbali, ndipo mdzukulu akafunsa za agogo ake aamuna ankamutuma kukatunga madzi. Ndinadziwa kuti akafunsidwa adzati balaniyo igwe, ndipo komiti yathu mawu a mboni inkawalemekeza kuposa a membala aliyense. Ndinapempha kuti ndipite ndikawakonzekeretse. Wapampando anakana mwaulemu wake wotopetsa uja, nati akawatenga ndi katekisiti. Ndinatuluka mu msonkhanowo ndikutukwana chamumtima lamulo langa lomwe.

Tinapita m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. Chigwa chonse chinali mbuu, minda yolimidwa ikudikira mvula, apo ndi apo anthu akuthirira nazale za fodya m'dambo. Mabalani anali chiimire pamzere, malata ena atapita ndi mphepo. Mwinimalo anatilandira bwino, bambo wachinyamata wa jombo zoyera, koma ananeneratu kuti anyamata ogumula wawapeza kale. Mmisiri anazungulira, nagogoda, nati yakumapeto ndiyo yolimba kuposa onse. Ine anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, pataliko pang'ono, pomvekera mawu koma posayankhira.

Amayi anatsika pa njinga yamoto ya katekisiti atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Sanandiyang'ane. Anawayalira mkeka pamthunzi wa khoma la balani yakumapeto ija, koma iwo anausuntha kuti msana wawo usakhudze njerwa.

"Amayi, tabwera kudzaphunzira," anatero wapampando. "Tiuzeni za nyumba iyi."

Amayi anayamba kusalaza chitenje chawo pamaondo, osafulumira. Ndikanakhala ine wofunsa, ndikanaponya kale funso lina. Wapampando anangopinda manja n'kudikira, ndipo onse anadikira naye.

"Nyumba iyi ine ndimadana nayo," anayamba amayi. "Inadya amuna anga. Fodya akalowa umu, munthu sankachoka pamoto mpaka tsamba liume. Kutentha kutsogolo, mphepo kumsana. Akabwera kunyumba malovu awo anali akuda ngati makala. Fodya akapsa bwino, ulemu unkapita kwa kapitawo. Akawonongeka, mlandu unali wa wosonkhezera. Mitengo yonse imene munkaimva kuti inali kuno inathera pakamwa pa ng'anjo iyi, ndipo itatha mitengo inayamba anthu."

Anapitiriza, osapsatira mawu. Anasimba za akazi omanga fodya pa ndodo manja atachita phula, za ana obadwira m'zisakasa, za maliro oikidwa mothamanga chifukwa fodya sadikira. Zambiri ndinali kuzimva koyamba. Misozi inkanditsika, koma mtima wanga unali pa balani: basi yapita, ndinatero, amayi aigwetsa ndi pakamwa.

Komiti yathu inali ndi funso lomaliza limene inkafunsa mboni iliyonse, ngakhale yankho litaoneka lodziwikiratu. Ine ndinkaliona ngati kutaya nthawi. Wapampando analifunsa.

"Nanga inuyo amayi, mukufuna nyumbayi ichitidwe chiyani?"

"Musaigwetse."

Nthumwi ya mafumu inasendera pafupi. "Pepani amayi, si mwati mumadana nayo?"

"Ndimadana nayo, eya. Koma mukaigwetsa, mwadzala soya, mwana wa mawa adzati pano panali munda basi. Ndikadzanena kuti munthu anafera moto pano adzati agogo akalamba, akubwebweta. Isiyeni iime, izichita manyazi."

Mwinimalo anavula kapusi yake n'kumaipindapinda m'manja. Kenako anati agogo ake nawonso anali tenanti kwina, ndipo sanawafunsepo kalikonse.

Pa tsiku lovota ndinakhala pakhonde la khonsolo ngati mwana wolangidwa. Za m'katimo ndinazimva kwa kalaliki: anatsutsana kwambiri, ndipo amene anaiyankhulira balani mwamphamvu anali mkulu wa mpingo ndi katekisiti, kwa nthawi yoyamba ali mbali imodzi. Anagwirizana zopempha kuti isungidwe imodzi yokha, yakumapeto ija, enawo mwinimalo agumule. Iye anavomera, khonsolo inavomereza, ndipo mmisiri wathu anakhomanso malata osafuna kuthokozedwa. Anthu amenewa ndimawayamika kuchokera pansi pa mtima. Ndimayamika kudekha kwa wapampando kumene ndinkakunyoza. Akanandilola kupita ku Njombwa, ndikanawaphunzitsa amayi mawu okoma onena za chitukuko ndi alendo odzaona malo, iwo akanakana kubwera, ndipo zimene ananena zija zikanapita nawo kumanda.

Koma chimene ndimasunga kwambiri chinachitika pa esiteti pomwepo, tsiku la umboni lija. Anthu atayamba kulowera ku galimoto, amayi anaimirira, nazungulira kuseri kwa balani kumene kuli ng'anjo, n'kundikodola ndi dzanja. Pakamwa pa ng'anjoyo panali patadzaza zinyalala ndi zisa za mavu, njerwa zake zakuda mpaka lero. Analoza pansi, pambali pa khoma.

"Chakudya ndinkawaikira apa abambo ako. Iwe uli kumsana."

Ndinayang'ana pamalopo. Panali dothi louma ndi chisoso chofota.

"Ankadya chiimire," anatero. "Moto sunkalola munthu kukhala pansi. Zaka zonse zija sindinawaonepo atakhala pano."

Anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lowuma n'kundikokera pansi.

"Khala, mwana wanga. Uwakhalireko."

Ndinakhala padothi lotenthalo ndi diresi langa la kuntchito, amayi anakhala pambali panga, ndipo galimoto ya komiti inatidikira osaliza hutala.