Apongozi Asuta Pasiwedi Yanga

Mwaswera bwanji abale? Imvani zandigwera kuno ku Manyamula.

Mukudziwa kuti ndikudikira kalata ya transifa pa imelo kuchokera ku ofesi ya maphunziro. Poti netiweki kuno imabwera ikafuna, ndinalemba kapulogalamu pa laputopu koti kazilumikiza kokha ku seva motetezeka n'kukoka maimelo.

Pasiwedi sindinaiike m'kapulogalamumo, kuopa akuba. Ndinailemba pakapepala, zilembo zosakanizasakaniza zoti ngakhale mwiniwakene sindingaloweze.

Masana ano netiweki yabwera, kapulogalamu kakufunsa pasiwedi, kapepala palibe. Kutuluka panja, ndapeza apongozi aamuna, bambo a mkazi wanga mayi a Chisomo, akhala pakhonde akusuta chingambwe. Kuyang'anitsitsa, zilembo zanga zikupsa chimodzichimodzi!

Nanga mkamwini n'kutsomphola fodya pakamwa pa apongozi? Ndinangonjuta patali, manja pamodzi, kuonerera transifa yanga ikutuluka m'mphuno. Atamaliza anandithokoza ine mphunzitsi m'Chitumbuka, nati, "Yewo chomene asambizi, pepala lanu silikeresa pakhosi."

Ndatola kotsala, pangotsala Q ndi 7. Meseji yosinthira pasiwedi imapita pa nambala ya foni yanga imene inatayika ku Jenda.

Ndiye ndithandizeni nzeru: ndiwauze zomwe asuta? Chifukwa atumiza kale uthenga woti ndiwalemberenso lina.