Chingwe cha Munda wa Sukulu

Tinalowa m'dziko la Nyasaland wapansi, kuchokera ku Chipwitikizi, ine ndili kamtsikana kosamera mawere. Tinali atate, amayi, ine ndi mlongo wanga wakhanda kumsana. Chimene tinathawa ndi thonje. Ndikanena zimenezi ana a masiku ano amaseka, ati munthu angathawe bwanji mbewu. Asiyeni aseke, sanaone. Kwathu kuja asilikali a Apwitikizi ankabwera ndi chingwe chachitali, n'kukhoma zikhomo patchire, n'kulamula kuti kuyambira apa mpaka apo ndi pa mayi uyu, alime thonje. Likapanda kukwana pa sikelo, mayiyo ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chija. Amayi anga anamenyedwa mpaka zala ziwiri za dzanja lamanja zinauma, osapindikanso.

Tinakhazikika kufupi ndi Nsanama, pamalo amchenga pamene Ayao a kumeneko anatilola kudzala chinangwa. Tinalipo mabanja angapo a Chilomwe. Ana a eni dera ankapita ku madarasa, ife tinkangoyendayenda ndi mamina m'mphuno, kukumba mbewa ndi kutukwanana m'chinenero chimene wina aliyense sankachimva.

Chaka china, anthu atakolola, kunabwera akhristu atatu ochokera ku Balaka. Wamkulu wawo anali bambo wotsimphina amene tinkangomutcha aphunzitsi, ndipo anali ndi amayi awiri a mumpingo mwawo. Palibe anawatuma, palibe ankawalipira. Anangomva kuti kutsidya kwa Shire kuli ana a alendo opanda sukulu, basi n'kusiya makomo awo. Anamanga chisakasa cha udzu pansi pa mtengo wa mango, n'kumagona m'kanyumba kobwereka, nsikidzi zikuwadya monga zinkatidyera ife. Ndinene poyera kuti anali anthu abwino, chifukwa zimene zikubwerazi zingakupangitseni kuganiza zina.

Mwa amayi awiriwo ndinakonda aatali, a mpata wa m'mano. Tsiku loyamba anatsegula kabuku kakuda, n'kuyamba kuimba nyimbo akuyang'ana momwemo. Ine kukamwa yasa. Ndinaganiza kuti bukulo likuwanong'oneza. Kuyambira pamenepo ndinafuna chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, kuti nanenso buku lizindiyankhula.

Masileti analipo ochepa, ndipo anyamata ankawalanda ndi zibakera. Ife atsikana tinkalemba pamchenga. Amayi aatali aja ankagwira chala changa n'kumachiyendetsa, a, e, i, kenako mbuzi n'kudutsa, maphunziro onse n'kupita ndi ziboda. Komabe mutu wanga unkagwira. Pofika nyengo yotentha ndinali nditayamba kulumikiza ba ndi mbo. Iwo anati, "Iwe mwanawe, mvula ikamatha udzakhala ukuwerenga buku langali." Ndinakawauza amayi anga, ndipo anamwetulira, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Za masileti zija zinkawasowetsa mtendere aphunzitsi. Ankafuna mwana aliyense akhale ndi yake. Tsono kwawo ku Balaka thonje ndi limene linkaveka anthu, ndi limene linkagula mchere ndi makasu. Munthu wa kumeneko akafuna kanthu, maganizo ake ankathamangira ku thonje. Anati tikhale ndi munda wa sukulu.

M'mawa wina, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, anabwera ndi chingwe cha khonje ndi mtolo wa zikhomo. Anatipatsa ife ana kuti tigwire, iwo akukhoma ndi mwala, akunena mokondwa kuti, "Apa ndi pako, apo ndi pa mnzako. Amayi anu adzakuthandizani kupalira." Ine ndinagwira nsonga ya chingwecho, ndikudzimva kukula. Za kwathu zija ndinkazidziwa, koma mwana ndi mwana, ndinkangoona masileti.

Amayi anga ankachokera kuchitsime ndi anzawo. Ataona, anaima. Anatula mtsuko pansi pang'onopang'ono, n'kubisa dzanja lija munsalu. Anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire, ndipo ndinataya chingwecho n'kuthamanga. Posakhalitsa pamundapo panatsala aphunzitsi okha, mwala uli m'manja.

Masana atate anapita kukaonana nawo, ine ndikutsatira chapatali. Chichewa cha atate chinali chothyokathyoka.

"Aphunzitsi, chingwe ichi mwini wake ndani?"

"N'changa, bambo. Tikuyeza munda wa ana."

"Nanga likapanda kukwana?"

Aphunzitsi anaseka, kuseka kwa chifundo ndithu. "Kukwana chiyani? Iyayi, bambo, kuno kulibe zimenezo. Thonjeli n'lothandiza ana anu omwe."

Atate anayang'ana pansi. "Ngakhale kwathu ananena kuti n'lotithandiza."

Mmodzi wa azibambo athu atawafotokozera zonse, aphunzitsi anakhala pansi pafumbi, manja ali kumutu. Tsiku lomwelo anazula zikhomo zonse n'kuzitentha pamodzi ndi chingwe, aliyense akuona. Amayi awiri aja anayenda khomo ndi khomo, akugwada, akupepesa. Koma mantha samva kupepesa. Mphekesera inali itawanda kale kuti anthuwa atumidwa kudzatizolowetsa, asilikali ali m'mbuyo. Wina anati anaona galimoto ku Ntaja. Wina anati sukuluyo inali nyambo chabe. Mabanja anayamba kunyamuka, lero ili, mawa lija, kusiya chinangwa chosakhwima m'munda.

Atate anati ife tipita ku Thyolo, kuminda ya tiyi, kumene abale athu ena anatsogola. Ndinalira, ndinadzigwetsa pansi, ndinakana kudya. Anandimenya, ndinalirabe.

M'mawa wa ulendo wathu amayi aatali aja anabwera, katundu ali kale pamutu pa atate. Anagwada pamaso pa amayi anga, iwo amene anali aakulu kwa amayi.

"Mayi, ndapota nanu, ndisiyireni mwanayu. Ndipita naye ku Balaka, azikagona ndi ana anga, azikadya chimene ndadya. Mutu uwu usawonongeke. Mukadzamufuna mudzamutenga."

Ndinawayang'ana amayi, ndikupempha ndi maso. Iwo anatulutsa dzanja lija munsalu, n'kuliika pamaso pa mlendoyo, zala ziwiri zili njo.

"Mwana wanga munamugwiritsa chingwe," anatero m'Chilomwe. Panalibe womasulira, koma amayi aatali aja anamva. Anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri n'kulira. Amayi anawalola kuti aligwire kanthawi, kenako analichotsa n'kundikankhira kutsogolo, panjira ya ku Thyolo.

Ku Thyolo kunalibe chingwe, zimenezo n'zoona. Kunali dengu lakumsana, kapitawo ndi sikelo. Ndinathyola tiyi ndili mwana, ndinakwatiwa ndikuthyola, ndinaika ana awiri m'manda ndikuthyola. Ba ndi mbo zija zinauluka. Kuwerenga ndinadzaphunzira imvi zili mbuu, m'sukulu ya akuluakulu, maso atayamba kale kuchita mdima, moti buku la nyimbo ndimaliona ngati nyerere zili paulendo. Linandiyankhula mochedwa, nditasowa chochita nazo zimene likunena.

Akhristu aja sindinamvenso za iwo. Sindikudziwa ngati anadzayesanso kwina. Ndimawakwiyira masiku ena, masiku ena ndimakwiyira amayi, koma mkwiyowo sukhala pamutu pa aliyense, umangobwerera kwa ine.

Amayi anakalamba m'nyumba mwanga. Akudwala matenda awo omaliza, ndinkawasambitsa ndi kuwadzoza mafuta m'zala zouma zija. Tsiku lina anagwira manja anga, okhakhala ndi odetsedwa ndi tiyi, n'kuwatembenuza uku ndi uku, akupinda chala chilichonse.

"Waona," anatero. "Zonse zikupindika. Ndinakupulumutsa."

Ndinati, "Inde, amayi."