Wayilesi ya Munthu Mmodzi

Mukafunsa ku Mlare za a Manase Mwangolera, anthu sayamba ndi zoti anaphunzitsa Sitandade 7 zaka zoposa makumi awiri. Amayamba ndi njinga. Amakumbukira bambo wamtali, wowonda, amene ankatulukira pakhomo panu dzuwa litangolowa, thukuta lili kamukamu, n'kuvula chipewa n'kunena kuti, "Phepani, mwina mwamva kale, koma pa wayilesi atchula dzina la kwanu." Nthawi zambiri anthu ankakhala atamvadi kale. Ena ankathokoza, ena ankaseka kumbali kuti aphunzitsiwa maliro anawasandutsa ntchito yolembedwa. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti njinga ija inkapalasidwa ndi manyazi.

Nthenda ya wayilesi inawagwira ali kusukulu ya mishoni. Anakulunga waya wamkuwa pa nsungwi, n'kulumikiza lezala ndi kachidutswa ka pensulo, chinthucho n'kumangolira ngati udzudzu. Anzawo anati ndi udzudzu basi. Iwo analumbira kuti amva munthu akuyankhula Chiswahili ku Dar es Salaam, ndipo mpaka ukalamba wawo sanabweze mawu amenewo.

Anakwatira Evelyn, mwana wa sajeni wa polisi, a Elliot Chikafa a ku Ntcheu, amene anagwira ntchito ku Karonga zaka zisanu ndi zitatu. Sajeniyo atapuma pantchito n'kumalongedza zobwerera kwawo, anasiyira mwana wawo wayilesi ya mtundu wa Nzeru, yam'manja, yachikwama chachikopa. "Kwathu n'kutali, mwanawe," anatero. "Kalata imayenda milungu iwiri. Tsiku lomwe ine kapena mayi ako tidzatsikire kulichete, udzamvera pamenepa." Masiku amenewo uthenga wa maliro unkayenda motero. Abale ankautumiza ku wayilesi ya dziko ku Blantyre, ndipo madzulo wowulutsa ankawerenga mayina a omwalira ndi a abale oyenera kunyamuka. Choncho sikisi koloko ikakwana, Evelyn, amene anthu a ku Mlare ankangomudziwa kuti amake Dora, ankaika wayilesi ija pampando, nyumba yonse n'kukhala chete.

Zinasokonekera tsiku limene a Manase anapita ndi ana asukulu kukaona ngalande za kusikimu ya mpunga. Kuseri kwa nyumba ya a Morton, mzungu woyang'anira madzi, anaona waya wautali wolendewera pakati pa mitengo iwiri. Ana anaona ngalande, aphunzitsi anaona waya. Loweruka lake anabwererako okha, ndipo a Morton anawalowetsa m'kachipinda kodzaza zitsulo zowala. Kumeneko anaphunzira kuti padziko pali anthu wamba, alimi, madokotala, oyendetsa sitima, amene ali ndi timawayilesi tawotawo toyankhulira, ndipo amacheza kuwoloka nyanja zamchere popanda kupempha chilolezo cha mfumu iliyonse kupatula pepala la boma.

Pepala limenelo a Manase analiiwaliratu. Munthu wakuda, wa kumpoto, malire a Tanzania ali pamphuno, n'kukapempha boma chilolezo choyankhula ndi akunja? Kumeneko kukanakhala kudzikumbira dzenje. Koma a Morton anawauza kuti ngakhale womvera chabe ali ndi gawo lake. Ukamva munthu, umalemba dzina lake la pa wayilesi, tsiku ndi nthawi, n'kumutumizira kalata, iye n'kukubwezera khadi lotsimikiza kuti unamumvadi. Anawaonetsa khoma lodzaza makhadi otero. A Manase anabwerera kunyumba osaona njira.

Anasunga ndalama zaka zitatu. Tiyi anayamba kumwa wopanda shuga n'kumanamizira mano. Kuboma ankapita pa njinga, basi akuiona ikuwadutsa. Ankakonza matochi ndi mawotchi a anthu, ndipo mpunga wa padimba limene bambo awo anawasiyira ku Kaporo sunalowenso m'nyumba, wonse unkapita kumsika. Kolala ya jekete lawo Evelyn anaitembenuza kawiri. Sankadandaula, ankangowaseka. "Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa," ankatero akusoka. "Koma njiwa yanuyo ikadzabwera, idzandipeze ndine wamkulu m'nyumba muno."

Chakumapeto kwa 1978 a Morton akubwerera kwawo, anaika patebulo mawayilesi awiri omvera. Ina inali yaikulu, ya sipika, yogwira bwino mawayilesi a mayiko, ndipo anthu ocheza aja inkawagwira apo ndi apo. Ndalama za a Manase zinkakwanira imeneyo, chenji n'kutsala. Inayo inali yaing'ono, yotuwa, yopanda sipika, yomvera ndi mahedifoni okha, koma yakuthwa moti inkatola mawu a munthu amene pa inzakeyo ankangomveka ngati mphepo. Mtengo wake unapitirira ndi makwacha makumi atatu.

"Tengani yaikuluyi," anatero a Morton. "Muli ndi banja. Inayi ndi ya munthu mmodzi."

Malangizo anali abwino, koma anafika mochedwa, a Manase atavala kale mahedifoni. Makwacha otsalawo anawapeza pogulitsa wayilesi ya Nzeru ija kwa a Chakufwa, mwini golosale ina ya kumsewu wa ku Vinthukutu. Anayamba agulitsa, kenako n'kudzauza mwini wake.

Evelyn anayang'ana pampando popanda kanthu nthawi yaitali. "Bambo a Dora, ija inali ya bambo anga."

"Iyi imamva Blantyre kuposa khumi zoterozo, amake Dora. Ine ndidzakhala makutu a nyumba ino. Sikisi koloko iliyonse ndidzikumverani."

Anamanga waya pa nsungwi ziwiri zazitali, ndipo sabata isanathe tcheyamani wa chipani anafika ndi anyamata ake awiri kudzafunsa kuti wayayo akuyankhula ndi ndani. A Manase anawaveka mahedifoni mmodzimmodzi, n'kuwatsegulira Blantyre, mawu ali mbee ngati wowulutsayo wakhala pakhonde. Anati anagula chinthucho kuti asaphonye nkhani za boma ngakhale liwu limodzi. Tcheyamani anachoka wokhutira, ndipo mbiri inawanda kuti kunyumba kwa aphunzitsi uthenga umafika usanafike kwina kulikonse. Mbiri imeneyo a Manase anailemberanso apongozi awo m'kalata, n'kuwonjezapo kuti amamva ngakhale Japani.

Mu Febuluwale kunabwera kalata yoti a Chikafa akudwala chifuwa chosamva mankhwala. Kuyambira pamenepo Evelyn ankaima pakhomo la kachipinda ka wayilesi madzulo aliwonse, manja ali ndi ufa kapena sopo, n'kufunsa kuti, "Kuli uthenga?" Amuna ake ankasuntha hedifoni imodzi n'kuyankha kuti, "Palibe." Ndipo masiku onsewo zinali zoona.

Lachiwiri pa 13 Malichi, kutatsala mphindi zisanu kuti sikisi ikwane, akupotoza wayilesi kuti agwire Blantyre, anadutsa pa liwu lanthete la munthu amene anatchula Ayisilandi. Pamapu a kusukulu dzikolo linali pamwamba penipeni, pomwe ndodo yolozera inkafika movutikira. A Morton enieniwo khadi la kumeneko analibe. Kuti alembe kalata pankafunika dzina lonse la munthuyo, koma liwulo linkabwera n'kumira, kubwera n'kumira. Anadziuza kuti adikira mphindi ziwiri zokha, poti wowulutsa amayamba ndi malonje. Mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wa ku Ayisilandi uja anafotokoza za kuzizira, za nkhosa zake, za waya wake umene mphepo inagwetsa, ndipo pomwe ankatchula dzina lake momveka, a Manase n'kulilemba, sikisi inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Ku Blantyre anapeza nyimbo.

"Kuli uthenga?"

Anatembenuka. Evelyn anali pakhomo, mwana kumsana. Akananena kuti sanamvere, bwenzi m'mawa wina atathamanga kukafunsa kwa ena. Koma munthu amene anagulitsa wayilesi ya apongozi ake anganene bwanji zimenezo? "Palibe," anatero. M'mawa mwake anatumiza kalata ya ku Ayisilandi, masitampa atatu.

Lachisanu Evelyn anakumana kuchigayo ndi Keziya, mkazi wa a Chakufwa, mmodzi mwa anthu ochepa amene ankadziwa dzina la kwawo kwa Evelyn chifukwa linali lolembedwa m'kati mwa chikwama cha wayilesi ija. Keziya anatula lichero pansi. "Mama, mwabwerako kale? Phepani chomene. Ise tinapulika Lachiwiri, pa wayilesi yanu yomwe ija, kuti adada a Chikafa atisiya. Ndinati ndithamange, koma a Chakufwa anati kwa asambizgi, amuna anu aphunzitsiwo, ndiko kumayambira mauthenga, anyamuka kale amenewo."

A Manase anamva kulira ali m'kalasi, ndipo anadziwa asanauzidwe. Atafunsidwa, bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Anati tsiku limenelo kunali ziphaliwali, Blantyre inkadukaduka, mayina ena anawamva koma ena anawapita. Inali nyengo ya mvula, ndipo palibe anatsutsa. Evelyn anafika powapepesa kuti asadziimbe mlandu.

Ulendo wa ku Ntcheu unatenga masiku anayi chifukwa cha matope. Anapeza manda atayamba kale kuphwa. Apongozi aakazi, a Margaret, anawalandira popanda mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka. "Tinadikira mpaka Lachinayi masana," anatero. "Anthu ankati tiike, ine ndinkakana. Malemuwa ananena okha ali pamphasa kuti musavutike ndi telegalamu, mkamwini wanga ali ndi wayilesi yomva Japani, adzamva ndiye woyamba. Basi iliyonse ikaima, tinkatuma munthu kumsewu." A Manase anakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna anzawo, chipewa pabondo, akulandira mapepeso a anthu amene ankawamvera chisoni chifukwa cha ziphaliwali.

Manyazi anapha lambe. Miyezi isanu anakhala nalo bodzalo, akudya nalo, akuphunzitsa nalo ana kuti kunama n'koipa. Wayilesi ankaitsegula pa sikisi pokha, ikatha nthawi ya mauthenga n'kuivundikira ndi nsalu.

Mu Ogasiti, thumba la makalata a sukulu linabwera ndi envulopu yakunja, yotsegulidwa n'kumatidwanso monga ankachitira makalata otero masiku amenewo. A Manase anali kumunda wa sukulu, choncho inaperekedwa kunyumba. Pobwera anapeza Evelyn atakhala pakhonde, khadi lili m'manja. Linali lokongola, lojambulidwa phiri loyera ndi bambo wandevu atavala juzi. Kuseri kwake kunali tsiku ndi nthawi.

"Pa 13 Malichi," anatero Evelyn. Sukulu anapita, kuwerenga ankadziwa. "Ndi tsiku lija. Koma apa alemba 16.05. Ndiye kuti inali folo koloko, eti? Munali mutamaliza kalekale nthawi ya mauthenga isanakwane."

Sankawatchera msampha. Nkhope yake inkapempha kuti avomere. A Manase anaona khomo lotseguka, lotakata, loti akanangodutsa ndi liwu limodzi, ndipo ku Mlare konse kunalibe munthu wina wodziwa kuti anthu a timawayilesi padziko lonse amalemba nthawi imodzi, ya ku Mangalande. Anakhala pansi, pa sitepe, munsi mwa mkazi wawo.

"Nthawi imeneyo si yathu, amake Dora. Muwonjezepo maola awiri."

Evelyn anawerenga pa zala, ngati mwana wa Sitandade 1. Faifi. Sikisi.

"Ndinakufunsani ndili pakhomo paja."

"Munandifunsa."

"Nanga ziphaliwali?"

"Kunalibe. Kumwamba kunali mbee."

Sanalire, sanakweze mawu. Analowa m'kachipinda kaja, natenga msomali, nakhomera khadilo pakhoma pamwamba pa wayilesi. A Manase atanena kuti mawa lomwe akagulitsa chinthucho, kapena akachiponya m'nyanja, iye anakana. "Mukagulitsa mudzaiwala. Likhale pomwepo, munalivutikira."

Khadi linakhaladi pomwepo, lokhalokha pakhoma lonse, mpaka phiri loyera lija linasanduka lachikasu. Kalata ina yakunja sanatumizenso. Mwezi womwewo anagula sipika yakale kwa a Chakufwa n'kuilumikiza okha, kuti wayilesi izimveka mpaka pabwalo. Anayamba kulemba dzina lililonse lotchulidwa la munthu wa ku Karonga, ndipo likakhala la kufupi, kaya mvula kaya dzuwa, ankakwera njinga. Anauza apolisi, anamwino, akalaliki a kumsika wa mbewu, anthu ochokera ku Dedza ndi ku Thyolo amene kwawo kunali kutali ngati kwa Evelyn. Wina akati, "Tamva kale, asambizgi," iwo ankayankha kuti, "Yewo, bola mwamva kawiri," n'kutembenuza njinga.

Banja lawo silinathe. Anabereka ana ena atatu, anakalamba limodzi, ndipo Evelyn anayambiranso kuwaseka za kolala ndi za tiyi wopanda shuga. Koma tsiku lililonse, sikisi ikamakwana, ankasiya chimene akuchita, n'kupukuta manja, n'kubwera kudzaima pakhomo la kachipinda kaja kuti amve ndi makutu ake. Amuna ake anali pomwepo, pensulo m'manja, okonzeka kuyankha. Zaka zonsezo sanawafunsenso kuti kuli uthenga.