Dzinja Limene Ndinkawerenga Makalata a Bambo

Makalata a bambo ankabwera pa pepala la buluu, lopyapyala ngati khungu la anyezi, lomwe ankalipinda n'kukhala envulopu yake yomwe. Ukalitsegula mopupuluma unkang'amba mawu. Mayi ankalitsegula ndi lumo, pang'onopang'ono, kenako n'kundipatsa ine, chifukwa iwo sukulu analekezera Sitandade 2 pomwe ine ndinali mu Sitandade 6.

Bambo anali mlangizi wa zaulimi kwathu ku Kanyenda. Boma litangosintha, chaka chomwe tinayamba kuphunzira ulere ku pulayimale, anasankhidwa kukachita maphunziro a ulimi wothirira ku yunivesite ina ku Ulaya. Tsiku lonyamuka mudzi wonse unawaperekeza mpaka pamsewu. Amalume, mlongo wawo wa mayi, ndi amene anasenza sutikesi, akuuza aliyense kuti umphawi pa mtundu wathu wathera pomwepo.

Kalata yachitatu inafika mvula itagunda, anthu akuwokera mpunga kudambo. "Fizi akulipira a kuno," bambo analemba choncho, "koma ya chakudya ndi ya chipinda imayenera kuchokera ku ofesi yomwe inandituma. Chibwerereni sindinalandire ngakhale tambala." Anati mbaula yotenthetsera chipinda imayaka pokhapokha uponyemo ndalama, ndiye ankagona atavala jekete ndi nsapato. Ankadya buledi kamodzi pa tsiku. Ganyu, mapepala awo sankawalola. Pansi penipeni anadula mzere kunsi kwa mawu akuti: "Izi zisatuluke m'nyumba."

Mayi anapukuta matope a kudambo pa zala. Kenako anati, "Amalume ako akabwera, udzawerenge kuti ali bwino."

Ndinawerengadi. Koma ndinali mwana wapakamwa, ndipo bodza linanditsekemera. Maso ali pa mzere wa buledi, ndinati bambo akudya nyama tsiku lililonse. Amalume ataomba m'manja ndinawonjezera kuti akuyendera galimoto. Mayi anandiyang'ana, osatha kunditsutsa.

Aphunzitsi athu okha ndi amene mayi anawaululira. Iwo analemba kalata ya Chingerezi, mayi n'kukwera basi kupita nayo ku Lilongwe, mzinda womwe anali asanaupondepo. Anakhala pa benchi ya ofesi ija masiku awiri, atamanga chinangwa chophika pa nsalu. Atabwera ankangobwereza mawu omwe anauzidwa, ngati munthu amene akuyesa kulavula chowawa. "Fayilo sikuoneka." "Amene anasayinira amuna anu anachoka ndi boma lakale." "Mubwerenso mwezi wamawa, mayi."

Mpaka lero mawu amenewo amandiwiritsa magazi. Munthu wina anakhala pampando, n'kusayina kuti mnzake akwere ndege kupita kudziko lachisanu, osadzifunsa kuti akadya chiyani. Anthu omwewo ankaima pamisonkhano kudzitama kuti akutumiza ana a dziko lino kukaphunzira kunja. Kutumiza ndiye ankatumizadi. Zoti wotumidwayo ali ndi mimba anazisiyira mkazi wosadziwa kuwerenga.

Mayi anagulitsa mbuzi zonse zitatu, kenako makina awo osokera, omwe ankatidyetsa. Kwacha inali itagwa. Ndalama zomwe anapita nazo ku banki zitatupa m'chikwama, zitasinthidwa zinangokhala timapepala tochepa. Bambo anathokoza, n'kunena kuti zakwanira lendi ya masabata awiri. Makina a zaka khumi, masabata awiri! Ife tinatsala ndi kondowole ndi chigwada chopanda mafuta, m'mawa kupita kusukulu mimba ikulira.

Amalume anali msodzi, ndipo ankafuna injini ya boti. Anapempha ndalama kamodzi, kawiri, mayi akungoti za bambo sizinafike. Tsiku lina m'mawa tinapita kudoko kukawapempha usipa wa ndiwo. Panali piringupiringu, amayi ogula nsomba atandanda ndi mabeseni, mchenga ukununkha usipa wonyowa ndi mvula. Amalume sanatsitse mawu.

"Mapaundi mwakwirira pati, achemwali? Mlamu akuyendera galimoto, inu mukupempha usipa? Mukufuna mudye nokha mpaka liti?"

Amayi aja anaseka. Mayi anawerama, mbale yopanda kanthu ili m'manja. Ine ndinathamangira kunyumba, ndinatenga kalata ija pansi pa zovala m'dengu, n'kubwerera ndikupuma wefuwefu. Ndinakwera pa bwato logadamika ndipo ndinawerenga mokuwa, zonse, za jekete, za nsapato, za buledi, mpaka mzere womaliza woti zisatuluke m'nyumba.

Mbama ya mayi ndinaimva mpaka m'mano. Anali asanandimenyepo. Amalume anangoti, "Nanga anapitiranji?" Masana anatumiza mbale ya usipa, koma kupepesa sanapepese mpaka kumwalira kwawo. Pofika Lolemba sukulu yonse inkanditcha mwana wa mzungu wanjala. Ndinamenyana kawiri sabata imeneyo. Aphunzitsi sanandikwapule. Anangondikhazika pamzere wakutsogolo kuti ndisamve zonong'onezana.

Ndinakwiyira aliyense. Koma amene ndinawakwiyira kwambiri anali bambo, chifukwa anzanga abambo awo ankangopita kunyanja n'kubwera ndi nsomba, pomwe anga anakwera ndege kukatitengera manyazi. Izi ndi zimene sindiwakhululukira anthu a ku ofesi ija. Njala tikanaipirira, tinaizolowera. Koma anachititsa mwana kuda bambo ake omwe sanalakwe kanthu.

Bambo anabwera nthawi yodula mpunga, opanda satifiketi. Sukulu inawakaniza mayeso chifukwa cha ngongole ya chipinda. Pamsewu tinakawalandira awiri, ine ndi mayi. Lamba wawo anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali, ndipo khosi linkasambira mu kolala. Sutikesi anainyamula okha, tinadzera njira yakuseri kwa minda ya chinangwa.

Kunyumba anaitsegula. Munali mabuku, jekete, ndi jumbo yomanga mfundo. Anandiitana, akumwetulira mwamanyazi.

"Iyi ndi yako, mwanangu. Ndakhala ndikukusungira."

Munali timapaketi ta shuga, toyera, tating'ono ngati chala, tambirimbiri. Shuga! Kwathu kuno, komwe mathirakitala a ku Dwangwa amagwetsa nzimbe pamsewu ana n'kumangotola. Ndinaponya jumbo ija pansi, timapaketi n'kumwazika pakhonde. Ndinati, "Ndi zimenezi munagulitsitsira makina a mayi?"

Palibe anandimenya. Bambo anagwada n'kuyamba kutola kamodzikamodzi, akupukuta fumbi pa buluku. Ine ndinaima poteropo, manja m'chiuno, ndikuona ngati ndapambana.

Sindinkadziwa kuti timapaketi tija ankatitola pa tebulo la tiyi waulere yemwe ophunzira ankapatsidwa kamodzi pa sabata. Sindinkadziwa kuti buledi akatha, chakudya chawo chinali madzi otentha othira paketi imodzi. Ndinalibe nzeru yoona kuti kalikonse komwe kanali m'jumbo muja kanali tsiku limene bambo anamwa madzi okhaokha.