Bambo Usalume Akhala Pabenchi

Kuchipatala ankawatchula Bambo Usalume. Anali namwino wa m'chipinda chimene ana amatsitsimukiramo akachoka ku opaleshoni, ndipo mawu amenewo ankawanena tsiku ndi tsiku.

Mwana akagonekedwa ndi mankhwala, amamulowetsa chubu kukhosi kuti azipumira. Vuto limabwera podzuka. Amamva chinthu pakhosi, kulira sikutheka, ndiye amaphiriphitha, kutsokomola, kuluma. Akaluma chubu, mpweya sudutsa.

Bambo Usalume analibe zambiri. Ankachepetsa kuwala, n'kumugoneka mwana chammbali, n'kumupopa malovu, n'kuika kansalu kopindapinda pakati pa mano. Kenaka ankagwira manja, osati chifuwa, n'kulankhula pansipansi kukhutu: "Usalume. Chituluka pompano." Dokotala akaona kuti mwana akupuma yekha, chubu chinkatuluka. Ana ena ankathokoza ndi mano, moti zala za bambowa zinali zipsera zokhazokha.

Bambowa ankabweza makolo pakhomo. "Khalani pabenchipo. Ntchito timaidziwa."

Chaka china mdzukulu wawo wamkazi anapezeka ndi chotupa pamchombo chofunika opaleshoni. Kunyumba ankamutcha Kang'ona, chifukwa anali ataluma kale mkulu wake, mphunzitsi wake ndi mkono wa mpando. Agogo akewo anadziwa zimene mano amenewo angachite pa chubu. Anagula timapaipi tomwera zakumwa kuti amuzoloweretse.

"Puma ndi aka, koma usalume."

Kang'ona anatafuna paketi yonse, n'kufunsa ngati kuli tina.

Tsiku la opaleshoni, mkulu wa anamwino anawaimitsa pakhomo.

"Lero ndinu agogo. Amusamala mnzanu wamtaliyu. Benchi ndi apo."

"Mwanayu amaluma."

"Onse amaluma. Munatiphunzitsa ndinu."

Anakhala. Aka kanali koyamba kudziwa kuti pabenchipo pali msomali wotulukira. Anaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso. Pambali pawo panali mayi wina amene mwana wake analinso m'kati. Sanawazindikire opanda yunifolomu ndi chophimba kukamwa.

"Khalani pansi, bambo. Akuti ntchito amaidziwa."

"Ananena ndani?"

"Kankhalamba kena kolusa. Mwayi wanu, lero sikanabwere."

Bambo Usalume anatchera khutu kuchitseko. Anamva matayala a bedi, kenaka makina opopera malovu. Kenaka mawu a mnzawo wamtali uja, pansipansi, monga momwe iwo ankanenera: "Usalume. Chituluka pompano." Panadutsa kanthawi popanda china chomveka. Iwo anapeza kuti akupanikiza mawondo awo ndi manja onse awiri.

Ndiye kunamveka kulira, kosasa mawu koma kwamphamvu. Mwana wolira ndiye kuti akupuma.

Chitseko chinatseguka. Namwino wamtali anatuluka atakulunga chala ndi bandeji.

"Chubu chatuluka bwinobwino. Sanachilume. Pakhosi pakanda lero ndi mawa, muzimupatsa madzi pang'onopang'ono akaloledwa."

"Nanga chalacho?"

"Ndimachotsa kansalu kaja."

Bambo Usalume anachigwira chalacho, n'kuchitembenuza, n'kuchiyerekeza ndi zawo.

"Mano akutsogolo okha. Wakukondani."

Analowa. Kang'ona anali chigonere chammbali, maso ofiira.

"Agogo, sindinalume kapaipi."

"Ndamva."

M'mawa mwake anabwera kuntchito ndi hamala m'thumba. Anayamba akhoma msomali uja, kenaka n'kukavala yunifolomu. Anapitiriza kubweza makolo pakhomo ngati kale.